Mkuwa Uli ndi Ziwongo Zake: Kalata Yochokera ku Germiston

Germiston, Julayi

Okondedwa Malume,

 Ine kuno ndili bwino, chovuta ndi chisanu chokha. Julayi wa kuno sali ngati wa kwathu, woti ukafunda chitenje n'kusonkhezera chikuni chimodzi basi zatheka. Dziko lino ndi lokwera, mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa udzu wa m'mbali mwa msewu umakhala mbuu, ukauponda umalira ngati mapesi ouma. Ndikafika ku ntchito ndimayamba ndafumbata kapu ya tiyi kuti zala zitambasuke, apo ayi chitsulo sindichimva m'manja. Nthawi zoterezi ndimalakalaka dzuwa la Okutobala la pa Phalula, lija timadandaula nalo likamawotcha mapazi pa phula la M1.

Uthenga wanu ndinaulandira. Nkhani yoti mwagula makina osemera zitsulo ku Limbe yandisangalatsa kwambiri, ngakhale mwati ndi akale ndipo lamba wake ndi wolumikiza. Makina otere, bola njanji zake zikhale zosadyeka, adzagwira ntchito mpaka adzukulu anu. Koma mwandisenzetsa katundu ndi mawu anu aja oti pobwera mu Disembala ndikutengereni ndodo za mkuwa wabwino. Ndakhala masabata awiri ndikuwatembenuza mawuwa m'mutu. Mwanena kuti mukufuna kumapanga tizitsulo tolumikizira mipope ya masipuleya a alimi a thonje, tija timakhala ndi mazinga mbali imodzi, mbali inayo mlomo wopindira m'kati wogwira nati, komanso mariveti a zigwiriro za zikwanje ndi mipeni. Zonsezi ndi zinthu zoyamba kusemedwa pa makina kenako n'kukhomedwa kapena kupindidwa zili zozizira, osaziika pa moto. Malume, mwasankha ntchito yomwe mkuwa umayesera mmisiri, pakuti mkuwa womvera mpeni kawirikawiri sumvera hamala, ndipo womvera hamala umazunza mpeni.

Ndisanalowe m'katimo, ndikuuzeni pang'ono za malo ano, poti mumafunsa kawirikawiri kuti kodi Joni wake ndi uti. Njira mukuidziwa kuchokera m'nkhani za agogo a pa Theba, ngakhale iwo ambiri ankapita pa ndege ndi pa sitima: kutsika Zalewa, kukhotera ku Mwanza, kulowa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete kotentha ngati m'ng'anjo, Nyamapanda, Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge kumene basi imagona pa mzere. Pa Beitbridge ndi pamene ndinaona koyamba chuma chimene ndikugwira lero. Mathiraki ochokera ku Zambia ndi ku Congo anali ndondondo, atanyamula mipukutu ya zimbale zofiira za kopa, zomangidwa ndi malamba achitsulo, ulendo wa ku doko la Durban. Ndinaziyang'ana ngati malata wamba, osadziwa kuti patapita zaka ndidzakhala ndikupukuta zinyenyeswa zake m'tsitsi madzulo alionse.

Germiston ndi tauni ya kummawa kwa Johannesburg, yobadwa ndi golide. Dzinali analibweretsa ndi Msikotishi wina, John Jack, kulitenga kwawo pafupi ndi Glasgow, monga mmene dzina la Blantyre linabwerera kwathu. Kuno kuli Rand Refinery, koyengera golide kokhazikitsidwa mu 1920, ndi zitunda zachikasu za dothi lotuluka m'migodi, zimene mphepo ya Ogasiti imaziulutsira m'maso mwa anthu. Ndikamazidutsa ndimakumbuka kuti mwina dothi lina pamenepo analifukula ndi anthu a kwathu. Ine ndimagwira ntchito kummwera kwa tauniyi, dera la mafakitale la Wadeville, m'kashopu kakang'ono ka makina ochepa. Kumene timagula ndodo za mkuwa kuli mashelefu ofika kudenga, ndodo zonse zachikasu, zonse zonyezimira mofanana. Ukangonena kuti ndikufuna mkuwa, wogulitsa amakuyang'ana n'kufunsa kuti uti. Mtolo uliwonse uli ndi nambala yake ndi chikalata chonena zimene zili m'kati mwake.

Vuto limayambira pa chilankhulo chathu chomwe. Ife timati mkuwa kwa zonse: waya wofiira wa magetsi, loko wachikasu wa pa chitseko, belu la ku tchalitchi, zikwinjiri zimene agogo aakazi ankasunga m'kathumba. Koma wofiira uja ndi kopa weniweni, wosasakaniza. Wachikasuyu, amene kuno amati brasi, ndi kopa wosungunulidwa pamodzi ndi zinki, yemwe uja amakutira malata kuti asachite dzimbiri. Ndipo monga mmene ufa womwewo umaphikira phala kapena nsima malingana ndi muyeso, mkuwa wachikasu umasintha khalidwe malingana ndi kuchuluka kwa zinki. Ndiye ine ndimati mkuwa uli ndi ziwongo. Mlendo akafika pakhomo simumupatsa mpando wa mkamwini musanamufunse kuti ndi wa kwa yani.

Chiwongo choyamba ndi cha magawo 70 a kopa ndi 30 a zinki. Uwu ndi mkuwa wofatsa. Mukhoza kuupinda, kuukoka, kuufutukula ngati kapu, osang'aluka. Ndi umene amapangira makatiriji a zipolopolo, chifukwa kachimbale kakang'ono amakakankha mpaka kusanduka kabotolo kakatali. Zikwinjiri za agogo zija, zopangidwa ndi waya umene amalonda achiyao ankabwera nawo kuchokera ku gombe, zinali za mkuwa wa khalidwe lotere, n'chifukwa chake mmisiri ankatha kuukulunga pa mwendo wa munthu popanda moto. Koma muuike pa makina osemera muone. Umatulutsa mapalipali aataliatali, opotana ngati luzi, okulunga pa mpeni ndi pa chogwirira, akuthwa moti akhoza kudula chala. Pobowola umakakamira. Ntchito ya mphindi imodzi imatenga zitatu.

Zinki akapitirira magawo 37 pa 100 alionse, m'kati mwa mkuwa mumayamba kubadwa mtundu wina wa timibulu, tolimba ukazizira koma tofewa kwambiri ukatentha. Mkuwa wa magawo 60 ndi 40 ndi wotere. Munthu wa ku Birmingham, George Muntz, ndi amene anautchukitsa mu 1832 pokutira kunsi kwa zombo, chifukwa unali wotsika mtengo kuposa kopa ndipo unkapsinjika bwino uli wa moto. Umenewu ndi mkuwa wa pa chipala. Ukafiira umamvera ngati dongo, ukazizira sufuna kuukakamiza.

Tsono pali mlendo wachitatu amene amaloledwa kulowa mu mphikawu, ndiye mtovu, womwe uja asodzi amamangirira ku maukonde. Mtovu susungunukira mu mkuwa. Umakhala pawokha m'timadontho ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomwazikana ponseponse ngati mafuta a m'msuzi. Mpeni ukamasema n'kufika pa kadontho kotere, phalipali limathyoka, ndipo mtovuwo umatereretsa mlomo wa mpeni. M'malo mwa luzi lija, pa makina pamagwa timitsotso ngati misere ya chimanga. Mkuwa wa magawo 3 a mtovu ndi wosavuta kusema kuposa ina yonse, moti akatswiri anaupatsa malikisi 100 n'kumayezera pamenepo mitundu inayo. Wa 70 ndi 30 uja umangopeza 30. Wa malikisi 100 uja ku America amautcha C36000. Kuno ku South Africa, monga ku Britain, ndodo imene imapezeka paliponse ndi mbale wake wotchedwa CZ121, kapena CW614N m'mawerengedwe a ku Ulaya, wa magawo pafupifupi 58 a kopa, 39 a zinki ndi 3 a mtovu. Mukalowa m'sitolo n'kungoti ndikufuna ndodo ya brasi, mosakayika adzakupatsani umenewu.

Ndipo umenewu ndi umene unandiphunzitsa ndi misozi. M'chaka changa chachiwiri pa makina tinalandira oda ya tizitsulo tofanana ndithu ndi tanuto: mazinga mbali imodzi, mbali inayo mlomo wopyapyala woti aupinde pa makina opsinjira. Ndinatenga ndodo zimene zinali pafupi, za CZ121. Ntchito inayenda mokoma tsiku lonse, tizitsulo tikugwa m'bokosi tosalala ngati tapukutidwa. M'mawa mwake atayamba kupinda milomo ija, kachitsulo koyamba kanang'aluka, kachiwiri chimodzimodzi. Tina tinkaoneka tabwino, koma ukatiyang'ana pa kuwala unkaona timing'alu ngati ta chidendene m'chilimwe. Bokosi lonse linapita ku zotaya. Tsiku limenelo nsima sinalowe, ndinkangoganiza za lendi ndi za ndalama imene amayi ankayembekeza kumudzi.

Anandithandiza ndi mdala wina wa ku Mozambique amene wakhala pa makina kuyambira ine ndisanabadwe. Sanandikalipire. Anadula tizidutswa titatu ku ndodo zitatu zosiyana, kalikonse kutalika kofanana ndi kunenepa kwake, n'kundipatsa hamala kuti ndimenye pa chitsulo chosulira. Koyamba kanaphwatalala ngati chitumbuwa, m'mbali mosalala. Kachiwiri, ka ndodo yanga ija, kanayamba kuyasama m'mbali ndisanamenye kambiri. Kachitatu kanaphwatalala ndithu, n'kudzayamba kuonetsa mng'alu nditapitirira kale muyeso umene ntchito yathu inkafuna. Kenako anatiika tonse pa makina. Kachitatu kaja kanasemeka bwino, mapalipali ake opiringizika pang'ono koma othyoka okha. Anandifotokozera kuti timadontho ta mtovu timene timathyola phalipali ndi tomwenso timayambitsa mng'alu hamala ikagwa, ndipo zinki wochuluka uja amawonjezera kuuma. Zimene zimakondweretsa mpeni ndi zomwezo zimene zimakwiyitsa hamala.

Kachidutswa kachitatu kaja ndiye yankho la funso lanu. Ndi mkuwa wa pakati: kopa wokwera kufika magawo pafupifupi 62, kuti timibulu tolimba tija tichepe, ndi mtovu wotsika kufika magawo 2, wokwanira kuthyola phalipali koma wosachulukitsa malo oyambira mng'alu. Dzina lake la ku Britain ndi CZ131, la ku Ulaya CW606N, ndipo ku America mbale wake wapafupi ndi C35300, amene pa sikelo ija ya kusemeka amapeza 90. Taonani, mwataya malikisi ochepa chabe pa makina, koma mwapeza mkuwa wolola kukhomedwa mutu, kupindidwa mlomo ndi kudindidwa timizere togwirira. Amisiri akale ankangoutcha mkuwa wa mariveti. Chitsanzo cha ntchito yotere muli nacho kale m'manja mwanu tsiku lililonse: timanati ta masipoko a njinga. Kalikonse kamayamba ngati chidutswa cha waya, makina amakakhoma mutu kali kozizira, kenako amakabowola, kukadula mpata wa sikuludiraiva ndi kukaika mazinga. Mukamawongola limu la wakabaza pansi pa mtengo paja, mumakhala mukupotokola mkuwa umene wina anausankha mosamala kuti upirire zonse ziwiri.

Komabe sindikufuna muganize kuti CZ131 ndi mankhwala a matenda onse. Muziyamba mwadzifunsa kuti pa kachitsulo aka ntchito yaikulu ili kuti. Ngati kusema ndi kochuluka ndipo kupinda ndi kwa kamlomo chabe, wa magawo 2 a mtovu ndi wokwanira. Ngati mukufuna kufutukula kwambiri, monga kukuza mapeto a paipi kukhala ngati lipenga, tsikani pa mtovu: ulipo wa gawo limodzi, ulipo wa theka la gawo, ulipo CZ108 wa magawo 63 ndi 37 umene alibe mtovu woikamo dala. Mudzavutika nawo pa makina, koma sudzakuchititsani manyazi pamaso pa mlimi. Ndipo ngati kachitsulo ndi kongosema basi, monga nati kapena bushi, musataye ndalama, CZ121 yemweyo ndi mfumu. Ine maganizo anga ndi akuti mmisiri wa pa malo ngati Phalula, amene sangasunge mitundu isanu, asunge iwiri: wa mariveti wochuluka, ndi CZ121 pang'ono, ndipo azipaka penti yosiyana ku mapeto a ndodo tsiku lomwe zafika. Zikasakanikirana pa shelefu palibe diso lingazilekanitse.

Palinso china chimene nambala ya chiwongo siinena. Ndodo imodzimodziyo imagulitsidwa youma mosiyanasiyana malingana ndi mmene anaikokera ku fakitale. Mukukumbuka tili ana tikupanga magalimoto a waya, kuti waya ukaupinda uku ndi uku pa malo amodzi umayamba wauma kenako n'kuthyoka? Mkuwa uliwonse umatero. Kukhoma kulikonse kumauumitsa. Ndodo yokokedwa kwambiri imafika kwa inu itatopa kale, yatsala ndi mpata wochepa wopindika. Pa ntchito yanuyi funsani youma mwa theka kapena kucheperapo. Ndipo mukaona kuti mutu wa riveti wayamba kukana hamala, musaumirize. Utenthetseni kufikira utangoyamba kufiira mwa mdima, mukuuyang'anira m'nyumba osati pa dzuwa, kenako muuleke uzizire. Umabwerera kufewa. Apa musatengere nzeru ya nkhwangwa ndi makasu: chitsulo chakuda mukachiviika m'madzi chili chofiira chimalimba, koma mkuwa wa mtundu uwu madzi saulimbitsa. Chimene muyenera kupewa ndi kuukhoma uli wofiira, chifukwa mtovu uja pa kutentha kotero umakhala utasungunuka m'kati, ndipo mkuwa wokhala ndi kopa wochuluka umanyenyeka.

Nkhani yotsatirayi ndinaimva kwa mdala yemwe uja, ndipo nditaifufuza ndinapeza kuti ndi yoona. Asilikali a Britain ali ku India ankasunga zipolopolo m'makola a mahatchi nthawi ya mvula. Mvula ikatha ankapeza makatiriji ambiri atang'aluka okha, popanda wowakhudza. Kwa zaka ankaganiza kuti ndi nyengo, mpaka mu 1921 akatswiri anatsimikiza kuti chinali fungo loswa mphuno la mkodzo wa mahatchi, lija amati amoniya. Mkuwa umene wapindidwa uli wozizira umatsala ndi kukokana m'kati mwake, ndipo ukakumana ndi mpweya umenewu pa chinyezi umang'ambika. Nditamva izi maganizo anga anathamangira kwanu, chifukwa ndikudziwa kuti kashedi kanu kagundana ndi khola la mbuzi, ndipo nthawi ya dzinja mumasungamo matumba a yureya. Chonde tizitsulo tomalizidwa tisagone mmenemo. Kumafakitale amachotsa kukokanako potenthetsa tizitsulo pa madigiri 250 mpaka 300 kwa ola limodzi, kutentha kosafiiritsa. Inu mukhoza kuyesa ndi mchenga wotentha mu chiwaya pa mbaula, n'kukwirira tizitsulomo.

Za mpeni wa pa makina ndinene mwachidule, zambiri tidzachitira limodzi. Mkuwa wa mtovu umafuna mpeni wa pamwamba pathyathyathya, wosapendekeka ngati wosemera chitsulo chakuda, apo ayi umakoka mpeni n'kudzilowetsa wokha. Chobowolera nachonso mumayamba mwachiphwanyako mlomo pang'ono pa mwala wonolera kuti chisalume. Madzi oziziritsa safunika kwenikweni. Koma maso muzitchinga, timitsotso take timauluka ngati njuchi.

Tsopano ndifike pa chimene chandichedwetsa kuyankha, chifukwa ndikukudziwani, Malume. Anthu akadzangomva kuti pa Phalula pali makina, a komiti ya mjigo adzafika ndi zitsulo zawo m'manja, ndipo inu simudziwa kukana munthu. Mjigo wa Afridev umene amayi athu amapopa m'mawa uliwonse ndi mwana wa kwathu: unayambira m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina loti Maldev, n'kuyesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, kwa anansi athu. M'kati mwa silinda yake, pansi pa madzi, muli paipi ya mkuwa yosalala imene labala amatsetserekamo. Mkuwa ndi madzi ndi abwenzi akale. Koma si mkuwa uliwonse. Madzi amchere, onga a mijigo ina ya kwathu, amadya zinki n'kusiya kopa wofiira wa timabowo ngati chinkhupule. Chitsulo chimaoneka chathunthu, koma mukachigwira ndi sipanala chimafumbutuka. Mkuwa wa zinki wochuluka ndi umene umadyeka msanga. Pa ntchito ya madzi alipo wake wapadera, CZ132, umene amauthira kadontho ka aseniki n'kuuwotcha mwa njira yake kuti zinki asathawe.

Choopsa kuposa apo ndi mtovu weniweniwo. Umatuluka pang'onopang'ono kulowa m'madzi, makamaka madzi akagona m'chitsulo usiku wonse, ndipo ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo mosabwezeka. Pano ndimagwira ntchito ndi mnyamata wa ku Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu ndi zinki unakumbidwa zaka pafupifupi 90 n'kutsekedwa mu 1994. Mpaka lero dothi la m'makomboni ozungulira mgodiwo lili ndi mtovu, ndipo ana ambiri amapezeka nawo m'magazi. Akamakamba za kwawo sakweza mawu. Ku America, kuyambira mu 2014, lamulo silola zitsulo za madzi akumwa kukhala ndi mtovu wopitirira kota ya gawo limodzi pa 100, pamene ndodo zimene ndikubweretserani zili ndi magawo 2 kapena 3. N'chifukwa chake mafakitale ayamba kupanga mkuwa wina wothira silikoni m'malo mwa mtovu, wosemeka bwino ndithu koma wokwera mtengo. Ndikupemphani ndi mtima wonse: mkuwa umene ndibweretse ukhale wa masipuleya, zikwanje, maloko ndi njinga. Pa mjigo, pa mpopi, pa chilichonse chokhudza chakudya kapena madzi akumwa, auzeni akagule chitsulo chake chenicheni. Zinyenyeswa za pa makina muzisesera m'chitini chotseka, adzukulu asaseweretse, nkhuku zisatole, ndipo muzisamba m'manja musanakhudze nsima. Zinyenyeswazo ndi ndalama, ogula zitsulo zakale amazifuna, bola zisasakanikirane ndi za chitsulo chakuda.

Ndikudziwanso kuti ndodo zanga zikadzatha mudzayang'ana ku zitsulo zakale za ku Ndirande kapena za anyamata oyenda ndi sikelo m'midzi. Sindikuletsani, ndi mmene amisiri a kwathu akhalira nthawi zonse. Kuno ogula zitsulo zakale akuluakulu ali ndi kachipangizo kooneka ngati mfuti, akakaloza pa chitsulo kamalemba magawo onse a kopa, zinki ndi mtovu m'masekondi ochepa. Inu mulibe, koma muli ndi maginito, tupa, hamala ndi makina. Maginito akagwira, dziwani kuti ndi chitsulo chakuda chovekedwa malaya achikasu, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Akapanda kugwira, palani ndi tupa muone ngati chikasucho chikupitirira mpaka m'kati. Kenako semani pang'ono muyang'ane mapalipali: a luzi ndiye kuti mtovu mulibe kapena ndi wochepa, a misere ndiye kuti ulimo wambiri. Pomaliza dulani kachidutswa mukamenye monga anandichititsira mdala uja. Mphindi khumi zimenezi muzizipereka pa ndodo iliyonse yosadziwika kwawo musanayambe oda ya munthu. Mipopi yakale ndi zitsulo zina zoumbidwa m'chikombole musaziyembekezere kupindika, zambiri ndi zophweka kuthyoka.

Zosungunula nokha mkuwa wakale pa mvukuto ndikadakonda muzisiye kaye. Zinki amawira pa madigiri 907, pafupifupi pomwe mkuwa umasungunukira, ndiye amathawa ngati utsi woyera. Utsiwo ukaupuma, usiku umanjenjemera ngati wadwala malungo, ndipo chotsala mu mphikamo sichikhalanso chiwongo chimene munaikamo.

Sabata yatha, Loweruka, ndinapita kukafunsa ndodozi. CZ121 anali nayo ya saizi iliyonse, koma ya mariveti anati ayenera kuitanitsa, ndipo sagulitsa yochepera ndodo yathunthu ya mamita atatu. Ndawapempha kuti adzandidulire zidutswa zolowa m'chikwama, chifukwa mkuwa ndi wolemera kuposa chitsulo chakuda ndipo a basi amalipiritsa pa kulemera kwa katundu. Ndidzatenganso chikalata chake ndi lisiti, kuti pa chipata cha Mwanza pasadzakhale mafunso ambiri, pakuti masiku ano munthu wonyamula mkuwa amamuyang'ana ndi diso lokayika chifukwa cha akuba mawaya. Ndikubwerera ku sitolo kuja ndinadutsa pa nyanja ya Germiston, kumene anthu amapalasa timabwato topyapyala ngakhale m'chisanu, ndipo ndinaima pang'ono kuganiza za sitima za malasha zodutsa pa Nkaya usiku, mmene kulira kwake kumamvekera kutali mphepo ikakhala bata.

Chimene ndikufuna kwa inu tsopano ndi miyeso. Mutenge kachitsulo kamodzi ka sipuleya kakale, ngakhale kothyoka, ndi riveti imodzi ya chikwanje, muziike pa pepala pambali pa rula, mwana wina ajambule ndi foni anditumizire. Mundiuzenso kukula kwa bowo la pakati pa chogwirira cha makina anuwo, kuti ndisagule ndodo yosalowa. Ngati mungathe, mufunse alimi awiri kapena atatu kuti masipuleya awo amathyoka pati kawirikawiri, pa mazinga kapena pa mlomo, chifukwa zimenezo zidzatiuza ngati tiyenera kutsika pa mtovu kapena ayi. Mipeni iwiri yosemera mkuwa ndanola kale, ili m'kabati.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti bulangete lija ndagula. Ana onse muwapatse moni, ndipo mundisungireko malambe.

Ine mwana wa mlongo wanu.